Nthawi ya nkhomaliro, tsatirani dalaivala

Amene anakhalako pa msonkhano wa kunyanja akudziwa momwe zimakhalira. Mumanyamuka ku Lilongwe m'mamawa, kudutsa pa boma la Salima osaima, n'kukalowa pa geti ya loji ina ku Senga Bay. Geti ija ikatsekedwa simutulukanso mpaka tsiku lobwerera. Nkhomaliro imakhala yodzitengera wekha: mpunga, chipisi, nkhuku yoyera yofewa ngati thonje, kabichi wosaphika, ndi chambo chochotsedwa mutu ndi minga moti sungadziwe kuti chinasambirapo m'madzi. Nsima imakhalapo ndithu, koma kumapeto kwa thebulo, mitanda yake itazizira kale, ngati wachibale wosauka amene waitanidwa ku ukwati pongoopa kunenedwa.

Pa msonkhano wina wotere ndinaona kuti ikakwana 12 koloko madalaivala athu onse ankazimiririka. Ankabwerako cha m'ma 1 koloko akutokosa m'mano, nkhope zili ngwee. Tsiku lachitatu ndinakumana ndi mmodzi wa iwo pa geti.

"Achimwene, kodi inu mumakadya kuti?"

"Aaa, bwana, kumene timadya ife si kwa anthu ngati inu."

"Nanga anthu ngati ine ndi otani?"

Anangoseka. "Tiyeni, koma musakadandaule."

Tinayenda wapansi mphindi zosakwana khumi. Kuseri kwa timagolosale kunali chisakasa cha malata akale, mabenchi atatu, ndi mayi wina wachikulire ali pa mafuwa ndi mtsikana womuthandiza. Mtsikanayo anatithira madzi m'manja ndi jagi, sopo ali pambali. Panalibe pepala la mndandanda wa zakudya. Mayi aja anangovundukula miphika itatu: utaka wowamba wophika ndi tomato, nyemba, ndi nkhwani wotendera. Nsima ya mgaiwa anaiomola ife tikuona, nthunzi ili tolotolo. Pa benchi ndinakhala pakati pa mphunzitsi ndi mnyamata wa kabaza. Ndalama imene ndinalipira sikanagula ngakhale kapu ya khofi kuloji kuja, ndipo m'masiku atatu onse ndi tsiku lomweli lokha limene ndinadya chakudya chondiuza kuti ndili kunyanja.

Masiku ano pa intaneti pali nkhani zambiri zolangiza apaulendo momwe angapezere malo odyera "obisika", kutali ndi kumene kumadzaza alendo odzaona malo. Mawu oti obisikawo ndi amene ndikukangana nawo. Obisika kwa yani? Chisakasa cha mayi aja chimadyetsa anthu ambirimbiri tsiku lililonse. Wa kabaza aliyense akuchidziwa, namwino wa pachipatala akuchidziwa, asodzi akuchidziwa. Sichinabisale. Ndife amene tinaphunzira kudutsa osachiona. Ndipo mlandu wanga si wa azungu kwenikweni. Munthu wochokera ku Berlin amene akuopa therere ndimamumvetsa, sanakule nalo. Mlandu wanga ndi wa ife eni: a pa ntchito za muofesi, a m'mabungwe, obwera ku tchuthi cha Disembala kuchokera ku Johannesburg kapena ku Leicester, amene timayenda m'dziko lathu lomwe ndi mapu ojambulidwira anthu ena. Owerenga a ku Chipata angochotsa dzina la Senga Bay n'kuikapo Mfuwe, a ku Zimbabwe aikepo Kariba. Nkhani yake ndi yomweyi.

Njira ya alendo odzaona malo ndi yopapatiza kwambiri. Imayambira m'galimoto, kulowa pa geti, kukathera pa mchenga. Mukatsegula mndandanda wa zakudya ku Cape Maclear, n'kutsegula wina ku Kande, wina ku Nkhata Bay, mupeza nyimbo imodzimodzi: pizza, burger, spaghetti, chambo ndi chipisi. Mutamangidwa m'maso n'kuikidwa pa thebulo, mbale yokha singakuuzeni boma limene muli.

Chonsecho msewu wa M5, umene umalambalala m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Salima kudzera ku Nkhotakota ndi Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay, umasintha zakudya zake pamene mukupita kumpoto. Ku Salima nsima ndi ya chimanga, ndipo mpunga wa m'madambo a kumeneko suchedwa kufika pamsika. Pa Chia, musanalowe m'tauni ya Nkhotakota, nsomba zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu momwemo. Kuyambira ku Nkhotakota chinangwa chimayamba kulamula. Amachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti chifewe ndi kutha ululu, kuchiyanika pa thandala, n'kuchisinja. Ufa wake ndiwo umaphikidwa kondowole, nsima yonanda ya kafungo kowawasa, imene imafuna mkono wamphamvu povundula ndipo imakoma ndi usipa wauwisi kapena chigwada. Ku Nkhata Bay kuli batala, nsomba yamafuta imene anthu a kumeneko amanyadira nayo. Mukapitirira mpaka ku Karonga mukapeza mpunga wonunkhira wa Kilombero ndi mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama. Zonsezi zili m'mbali mwa msewu umodzi ndi wotsatira wake. Koma munthu atha kuyenda mtunda wonsewu, kugona malo anayi okongola, n'kubwerera kwawo osalawako ngakhale chimodzi. Akafika amati, "Nyanja ndaiona." Inde waiona, koma pa windo.

Tikambe za chambo, poti ndicho nsomba yokhayo imene mindandanda ya m'maloji imaidziwa dzina. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana, yochuluka kuposa ya nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi, linalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pafupi kutheratu. Nsomba imene asodzi akukola yochuluka masiku ano ndi usipa, ndipo ndi umene ukudyetsa dziko. Koma usipa sulowa pa geti ya loji, ati ndi ndiwo za amphawi. Motero mlendo aliyense amauzidwa kuti sanafike ku Malawi ngati sanadye chambo, ndipo ife timavomereza, n'kumaitanitsa chambo m'mwezi uliwonse wa chaka osafunsa kumene chachokera.

Anthu a kunyanja amadziwa kuti nsomba ili ndi nyengo. Pa chilumba cha Mbenje, m'boma la Salima lomweli, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kuti nsomba ziswane. Mayi wa pachisakasa nayenso amatsata nyengo, ngakhale sanena choncho. Alibe firiji. Amaphika zimene zatsika m'ngalawa m'mawa umenewo kapena zimene zili pa thandala. Mwera ukaomba, asodzi osalowa m'madzi, mudya nyemba ndi usipa wouma. Mvula ikagwa mupeza bonongwe, chisoso ndi bowa. M'chilimwe mupeza mfutso. Mphika wake umanena zoona za nyanja ndi za munda tsiku limenelo. Pepala lokutidwa ndi pulasitiki limene linasindikizidwa zaka zitatu zapitazo silingatero.

Palinso nkhani ya ndalama. Tchizi wa pa pizza, ufa wa tirigu, vinyo ndi zam'mabotolo zambiri zimafika kunyanja pa galimoto kuchokera m'mashopu akuluakulu a m'tauni, ndipo zambiri mwa izo zinalowa m'dziko kudzera pa Mwanza kapena pa Dedza. Zimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lino limalira usiku ndi usana kuti lilibe. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo maloji ena amalemba mitengo yawo m'madola. Tsono tsatirani ndalama imene mwapereka kwa mayi wa pachisakasa. Ina ipita kwa wogulitsa nsomba pagombe, ina ku chigayo, ina kwa mayi mnzake wa tomato, ina kwa wa nkhuni, ina kwa mtsikana wotsuka mbale, yotsalayo ikalipira fizi. Dzuwa lisanalowe yadutsa m'manja asanu kapena asanu ndi limodzi, onsewo a m'mudzi momwemo.

Wina anena kuti malojiwo amalembanso anthu ntchito ndipo amakhoma misonkho. N'zoona, ndipo sindikunena kuti atsekedwe. Gonani kumeneko, sambani madzi otentha, imwani khofi wa m'mawa mukuyang'ana nyanja. Chimene ndikukana ndi chizolowezi choti ndalama yonse ya ulendo, kuyambira kadzutsa mpaka mgonero, ithere mkati mwa mpanda umodzi, pamene mudzi umene unapereka gombe lakelo ukungolandira fumbi la magalimoto athu. Timakamba kwambiri kuti ntchito zokopa alendo zitukula dziko. Zitukula bwanji anthu amene alendowo sakumana nawo?

Chodandaula chachikulu, chimene anzanga a pa msonkhano uja anandiuza nditangobwerako, ndi ukhondo. "Mutsegula m'mimba inu." Ichi sindichitenga mwachibwana. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, kuposa mliri wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Amene anaika maliro nthawi imeneyo ali ndi chifukwa choopera. Koma tiyeni tiope mwanzeru. Kolera sayang'ana ngati denga ndi la udzu kapena la matailosi. Amayenda m'madzi oipa, m'manja osasamba ndi m'chakudya chozizira chimene chakhudzidwa ndi zimenezi. Moto umamupha. Nsima imene yaphulidwa inu mukuona ndi ndiwo zimene zikubwata pa mafuwa n'zodalirika kuposa saladi yotsukidwa ndi madzi amene simukuwadziwa, kapena mpunga umene wakhala m'chitsulo chofunda pang'ono kuyambira 11 koloko. Pachisakasa khitchini ili poyera: mukuona manja a wophika, ndowa ya madzi, ndi kumene mbale zikutsukidwira. Kuhotela mumangoona chitseko chotseka ndi woperekera zakudya wovala malaya oyera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho yang'anani ndi maso anu. Kodi madzi osamba m'manja akuthira ndi jagi, kapena anthu onse akuviika m'beseni limodzi? Sopo alipo? Miphika ndi yovundikira? Chakudya chikutuluka nthunzi? Ngati ayi, pitani pena, ndipo madzi akumwa nyamulani anu. Koma funsaninso funso lina. Amayiwa amadula chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku. Nanga bwanji m'misika yambiri mulibe mpopi wodalirika kapena chimbudzi choti munthu n'kulowamo? Mliri ukabuka, makhonsolo amathamangira kuletsa kugulitsa zakudya zophikaphika. Mliri ukatha, amabwerera kudzatolera msonkho, mpopi uja osaoneka. Ngati anthu okhala ndi mawu, amene amalemba malipoti ndi kukhala m'makomiti, akanamadya m'misikamu, mipopi ikanabwera kalekale. Kuthawa kwathu ndi mbali imodzi ya uve umene timaunenawo.

Ndipo tinene chilungamo: ambiri a ife si kolera amene timaopa. Timaopa kuonedwa. Munthu amene wavutika kuti apeze digiri ndi galimoto safuna kuti womudziwa amupeze atakhala pa benchi, malaya atapinda, akutsomphola kondowole ndi zala pafupi ndi wa kabaza. Amaona ngati wabwerera kumene anathawa. Dalaivala uja atanena kuti kumene amadya si kwa anthu ngati ine, sankanyoza. Ankanena lamulo limene tonse timalidziwa ngakhale silinalembedwe, loti kukwera pa udindo ndi kusintha mbale. Chodabwitsa n'choti zakudya zomwezi timazilandira ndi manja awiri zikavala suti. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre kwadzaza malo odyera amene akugulitsa nkhuku ya chikuda, therere ndi thobwa m'timiphika tadothi pa mtengo wokwera, ndipo timapitako Loweruka n'kujambula zithunzi za pa Facebook. Ndiye kuti vuto silinali therere. Vuto linali benchi ndi amene tikhala nawo.

Mtengo wa manyaziwa tikuulipira kale. Pali ana a m'tauni amene afika kunyanja kasanu koma sadziwa kusiyanitsa utaka ndi usipa, ndipo akaona mutu wa nsomba m'mbale amakankha. Akadzakula adzakhala iwo oyendetsa maloji, olemba mindandanda ya zakudya, ndi okonza ndondomeko za boma zokopera alendo. Adzagulitsa chiyani kwa mlendo, poti iwo eni sanachilawe?

Tsono malo abwinowo mungawapeze bwanji? Foni ikuthandizani pang'ono chabe. Nyenyezi za pa Google Maps amapereka ndi anthu odutsa, olemba Chingerezi, ndipo amapereka kwa malo okhala ndi chikwangwani. Mayi ambiri ophika bwino alibe chikwangwani, dzina la malo awo ndi dzina la mwana wawo woyamba. Njira ndi yakale ija: safunsa anadya phula. Koma kufunsa kuli ndi luso lake. Mukafunsa kuti, "Kodi malo odyera abwino ali kuti kuno?" munthu ayang'ana nsapato zanu ndi galimoto yanu n'kukulozerani ku loji, chifukwa akufuna kukulemekezani. Funsani kuti, "Inuyo nkhomaliro mumadya kuti?" Akazengereza, funsaninso.

Funsani anthu amene amadya kunja kwa nyumba zawo tsiku lililonse ndi ndalama ya m'thumba mwawo: madalaivala a mathiraki ndi a minibasi, makondakitala, anamwino, aphunzitsi, amakaniko, amayi ogulitsa nsomba. Dalaivala wa thiraki amene amadutsa msewu umodzi kawiri pa sabata sangabwerere pamalo pamene anadwalapo, ndiponso sangalipire kawiri msuzi wamadzimadzi. Mukaona mathiraki atatu ataima pamalo popanda chifukwa chooneka, chifukwa chake chili mumphika.

Fikani nthawi yake. Pakati pa 12 koloko ndi 1 koloko nsima imakhala ikuphikidwa motsatizana ndipo ndiwo zabwino zisanathe. Pofika 3 koloko mupeza makoko. Malo amene ali ndi ndiwo zitatu kapena zinayi ndi abwino kuposa olonjeza zinthu makumi awiri, chifukwa zochepazo zaphikidwa lero ndipo zitha lero. Pemphani kuona mumphika, palibe amene akwiye. Ndipo funsani chimene anthu a kumeneko amadya. Kuitanitsa nkhuku ndi chipisi ku Nkhotakota n'chimodzimodzi kupita ku Mulanje n'kukagula chinanazi cha m'chitini.

Sindikunena kuti chisakasa chilichonse ndi paradaiso. Alipo ogwiritsa ntchito mafuta amodzi sabata yathunthu mpaka kuda ngati oilo wa galimoto. Alipo otenthetsa ndiwo za dzulo, alipo okweza mtengo akaona nkhope yachilendo. Mudzakhumudwapo nthawi zina, monga momwe mumakhumudwira kuhotela mutalipira kakhumi. Kusiyana kwake n'koti kuno mwataya ndalama yochepa, ndipo malo ena ali pamtunda wa mapazi makumi awiri.

Mukawapeza malo abwinowo, khalani ndi mwambo. Perekani moni musanafunse za ndiwo. Musanenerere mtengo wa mbale ya nsima inu amene dzulo munalipira bilu ya kuloji osaphethira. Musajambule mayi wophika kapena anthu akudya musanapemphe. Iwo abwera kudzadya nkhomaliro, sanabwere kudzakhala chionetsero cha ulendo wanu. Ngati muli gulu lalikulu tumizani uthenga m'mawa, kuti musamalize ndiwo za anthu amene amadya pamenepo chaka chonse. Ndipo musamuuze mayiyo kuti asasinthe kanthu poti malo ake akukongola momwemo. Utsi umene inu mukuuona ngati chikhalidwe iye ukumuwawa m'maso. Akufuna simenti pansi, malata osadontha ndi mpopi pafupi, ndipo adzazipeza ngati anthu okhala ndi ndalama adya kwa iye kawirikawiri n'kulipira mtengo wake wonse. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Kwa eni maloji pempho langa ndi laling'ono. Ikani kondowole, usipa ndi chigwada pa mndandanda, ndi mayina awo enieni, pamwamba osati kumapeto. Ophika anu amadziwa kuphika zimenezi, ndi zimene amadya kuseri akamaliza kukazinga chipisi cha alendo. Ndipo mlendo akafunsa kumene angakadye kunja kwa mpanda, muuzeni zoona m'malo momuopseza. Kwa okonza misonkhano ya kunyanja: tsiku limodzi mwa atatu, tsegulani geti nthawi ya nkhomaliro, anthu akadye kumudzi. Mwina zimene mukukambirana m'holo zokhudza umphawi zingamveke mosiyana mutakhala pa benchi limodzi ndi eni nkhaniyo.

Tsiku lija nditamaliza kudya ndinapita kukathokoza.

"Mayi, zikomo kwambiri, ndakhuta. Ndiwo zinakoma."

"Zikomo ndinu. Mwachokera kuloji kuja?"

"Eya, mayi."

"Timangoona magalimoto anu akudutsa. Mawa mukabwera mufike msanga, utaka suchedwa kutha."

Mawa lakelo tinali pa ulendo wobwerera ku Lilongwe, ndipo anzanga anagwirizana zoti tikadye tikafika m'tauni. Dalaivala uja anandiyang'ana pa galasi osanena kanthu. Tinadutsa pa msika wa Salima mawindo ali otseka, nthawi ili 12 koloko, utsi wa nkhomaliro ukukwera kuseri kwa mashopu.